Salaza ndi Chipsera cha a Kachingwe

Chithunzi cha a Kachingwe chinkadzikonza chokha pakhoma, mwana wawo Elinati akuonerera. Makwinya a pamphumi anafafanizika ngati nsalu yositidwa. Mano awiri amene anaguluka kalekale anameranso. Chomaliza kuchoka chinali chipsera chachikulu cha patsaya, chimene chitsulo chamoto chinawasiyira masiku amene ankawotcherera zitseko ku Biwi.

"Mwaona, achemwali?" anatero Lameki, mlongo wake wa Elinati, akusisita galasi la chithunzicho. "Salaza wachisanu ndi chinayi ameneyu. Wangotuluka lero lomwe, ndipo ndi waulere ngati kale."

Salaza kanali kapulogalamu kamene munthu ankangokalumikiza ku makina ake a zithunzi. M'zaka zimenezo zithunzi za papepala zinali zitatha. Banja lililonse mu Lilongwe linkasunga zake m'nkhokwe ya m'mlengalenga, n'kumazionetsa pa magalasi a pakhoma. Salaza woyamba ankangowalitsa pamene pada. Wachitatu anaphunzira kuwongola kolala ndi kutsegula maso a munthu amene waphethira. Otsatirawo analeka kudikira kuti atumidwe. Watsopanoyu ndiye ankalowa m'nkhokwe yonse, kukonza chilichonse chimene wapeza, zakalezo n'kutaya kuti malo asadzaze.

Elinati sankamukhulupirira. "Achimwene, amene amakonza chinthu chimenechi ndi ndani? Amakhala kuti? Munthu angamakusalazire nkhope zaka zonsezi osafuna kanthu?"

"Inu mumakayikira ngakhale mvula," anaseka Lameki.

Nthawi yomweyo a Kachingwe analowa akukhwekhwereza masilipasi. Ukalamba unali utayamba kuwaiwalitsa zinthu, moti masiku ena ankaitana Elinati ndi dzina la malemu mayi ake. Anaima patsogolo pa galasilo, kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo ameneyu wamulowetsa ndani m'nyumba mwanga?" anafunsa.

Lameki anasekanso. Elinati sanaseke.

Loweruka lina m'mawa, Elinati anapeza geti lili pululu, bedi la bambo ake lili lozizira. Anathamanga ndi Lameki ku ofesi yofufuza anthu osowa, kumene kunali timbalame tachitsulo touluka pamwamba pa mzinda. Timbalameto tikaonetsedwa nkhope ya munthu kamodzi, tinkamupeza ngakhale m'kati mwa msika wodzaza.

"Musadandaule," anatero mayi wa paofesipo. "Tipatseni chithunzi basi."

Lameki anatumiza chija cha pakhoma. Timbalame tinauluka, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tinabweretsa yankho: bambo wina wa suti, wonenepa bwino, akutsika galimoto yake pakati pa mzinda.

"Si amenewa!" anakuwa Elinati. "Bambo athu ali ndi chipsera patsaya, mano akutsogolo alibe."

"Ndiye tipatseni chithunzi choonetsa zimenezo, mayi."

Anatsegula nkhokwe ya banja. Cha pa chinkhoswe cha Elinati, tsaya losalala. Cha pa maliro a mayi awo, a Kachingwe akumwetulira ndi mano onse, chikhalirecho tsiku limenelo analira mpaka kukomoka. Ngakhale chimene anapereka kuchipatala chaka chatha chinachokera m'nkhokwe momwemo, ndipo nacho chinali cha munthu wachilendo.

Elinati anatembenukira Lameki. Anakumbukira kuti mlongo wakeyo ankakonda kunena kuti bambo akutopetsa, kuli bwino akawasiye kumudzi.

"Munachita dala," anatero motsitsa mawu. "Munkadziwa kuti chidzawafafaniza."

"Achemwali, ine? Bambo anga ondibereka?" Lameki anayandikiza foni kukamwa. "Salaza, bweza chithunzi chakale. Chija cha chipsera."

Mawu aulemu anayankha kuchokera m'foni. "Pepani, sindikuona vuto lililonse pa chithunzichi. Kodi mukufuna ndichiwalitse pang'ono?"

Mayi wa paofesi uja anausa moyo. "Si inu oyamba. Chitulukireni watsopanoyu, timbalame tikumangobwerako chimanjamanja. Tinayesa kufunsa eni ake, koma palibe akudziwa kuti ndi ndani. Ena akuti anthu amene anamuyambitsa anamusiya kalekale, pano akungodzikonza yekha."

Elinati anamanga chitenje n'kuyamba kuyenda wapansi. Anafunsa ku Biwi, pamalo pamene panali shedi ya bambo ake, koma anapeza pali nyumba yosanja. Anafunsa ogulitsa tomato, oyendetsa njinga, azimayi a pampopi. Aliyense ankayamba ndi kunena kuti, "Tioneni chithunzi." Iye ankangoloza tsaya lake n'kujambula ndi chala kukula kwa chipseracho. Ambiri ankapukusa mutu. Anthu anali atasiya kuyang'anana kumaso, poti ntchito yozindikira nkhope anali ataisiyira makina.

Patapita masiku, namwino wina wa pa kachipatala ka kutsidya kwa mtsinje anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anamugwira dzanja.

"Tiyeni kuno, mayi."

Anamuuza kuti anthu anatola gogo wina atakomoka m'mbali mwa msewu Loweruka lomwelo. Makina a pachipatalapo anayang'ana nkhope yake, sanaipeze paliponse, ndipo anamutcha wosadziwika. Mbiri ya matenda ake sinatseguke, choncho madokotala anachedwa kudziwa kuti impso zake zinali zofooka kale. Gogoyo anamwalira dzulo lake.

Namwinoyo atavundukula nsalu imene inaphimba mtembowo, Elinati anazindikira bambo ake nthawi yomweyo. Anawagwira tsaya.

Pa maliro Elinati anakana kuti pabokosi paikidwe chithunzi. Lameki anachotsa Salaza m'makina onse a m'nyumba, ndipo Elinati atamuona akulira kumanda ngati mwana, anachita manyazi ndi mawu aja anamunenera. Komabe zithunzi zinatsala momwe Salaza anazisiyira.

Mvula itatha, awiriwo anapita kwa mnyamata wina wa ku Kawale amene ankajambulabe ndi pensulo. Anamufotokozera mphuno, mphumi, maso ofiirira ndi utsi wa zitsulo. Wojambulayo anayamba bwino, kenako anaimika dzanja.

"Chipseracho chinali tsaya liti?"

"Lamanzere," anatero Elinati.

"Lamanja," anatero Lameki nthawi yomweyo.

Anayang'anana. Elinati anatsinzina, kuyesa kuwaona bambo ake atakhala pakhonde, koma amene anabwera m'maso mwake anali bambo wosalala uja, akumwetulira ndi mano onse. Apo m'pamene anadziwa kuti Salaza sanathere m'zithunzi mokha, anali atakonzanso ndi m'mitu mwawo.