Makina Omwe Ankapsereza Khungu

Mtembo wa Anesu Gumbochuma, katswiri woyeza mphamvu ya cheza, unapezeka Lolemba cha m'ma 7 koloko m'mawa, m'chipinda cha makina owotcha khansa pa chipatala china mu Harare. Mutu unali utamira m'thanki yamadzi yomwe ankayezera makinawo. Kunkhongo kunali chibala.

Inspekita Gwatidzo, yemwe anamerera imvi pa milandu yakupha, anawerama n'kutola kamodzi mwa timapepala tapulasitiki tomwe tinali mbwee pansi.

"Timeneti n'tantchito yanji?"

"Timada tikawombedwa ndi cheza, bwana," anayankha Sisita Marufu, namwino wamkulu. "Odwala akhala akupsa pakhungu. Anesu amafuna adziwe kuchuluka kwa cheza chomwe chikuthera pamwamba, chisanafike pa chotupa."

Woyamba kugwidwa anali Takawira, dalaivala wa minibasi, yemwe mkazi wake anasupuka chifuwa chonse ndi makinawo. Lachisanu anali atakalipira Anesu pagulu.

"Ndinanenadi kuti ndimupha," anavomera Takawira kupolisi. "Koma zinali zapakamwa, akulu. Chikucherereni ndinali kumochale. Mkazi wanga watisiya mbandakucha. Kafunseni."

Gwatidzo atafunsa, anapeza kuti sankanama.

Masana Gwatidzo anabwerera kuchipatala. M'khonde odwala anali atadzaza mabenchi, ena ochokera ku Gokwe ndi ku Chipinge, mabulangete ali pamiyendo. Analowa mu ofesi ya Dokotala Hwata, mkulu wa nthambiyo.

"M'chipinda chija munalowamo liti komaliza?"

"Sabata yatha," anatero Hwata, akusanjikiza miyendo.

"Musasunthe mwendowo, adokotala."

Kunsi kwa nsapato kunali kutamatirira kapepala kakuda ndi selotepi yake. Pakona, Anesu anali atalembapo deti la tsiku lomwelo.

Hwata anakayang'ana kapepalako nthawi yaitali, kenaka anavula magalasi.

"Anesu anapeza kuti khungu likulandira cheza chopyola muyezo. Amati atseka makinawo lero lomwe. Ndinamugwadira, Inspekita. Makina ena tilibe. Atawonongeka ulendo wapitawo tinadikira zaka ziwiri, ine ndikungolembera anthu panado kuti akafere kwawo. Bala la pakhungu limapola. Chotupa sichidikira munthu."

"La mkazi wa Takawira lapola?"

Hwata anazyolika.

"Anandifulatira kuti aimbe foni. Sipanala inali pathebulo pomwepo, ndinamumenya nayo kunkhongo. Atagwera m'madzi muja, ndinangoima. Sindinamuvuule."

"Ndiye mwapulumutsa angati?"

Hwata anangopereka manja, Gwatidzo n'kumumanga unyolo.

Akutuluka, anapeza Sisita Marufu akukhoma loko pa chitseko cha makina. Panalibenso wina wodziwa kuwayeza. Mayi wina wokalamba, khosi lili lotupa, anadzuka movutikira pa benchi n'kugwira malaya a Hwata. Unyolo uja sanauone.

"Adokotala, ine ndafika dzana. Mundiitana nthawi yanji?"

Hwata anayang'ana Gwatidzo. Gwatidzo anayang'ana pansi, n'kukankhira dokotalayo ku galimoto.