Amene Anakhala Pampando Wanga

Anati dzina lawo ndi Justina, ndipo anapempha chitenje changa.

Linali Loweruka, dzuwa litapendeka. Kwaya yathu ya ku Mtendere inapita kukayenda kumalo osungirako nyama, kunja kwa tauni. Kanjira kake ndi kosavuta, ngakhale ana amakatha. Kamazungulira dambo, ndipo m'mbali mwake anandandalika miyala yopaka laimu kuti munthu asasochere. Tinaona mbidzi ndi nkhanga. Tonse tinavala nsalu yobiriwira ya kwaya, akazi zitenje, amuna malaya. BaDyness, atsogoleri athu, saitana maina pokwera basi. Amangowerenga nsalu zobiriwira.

Ine ndimayenda kumbuyo nthawi zonse, chifukwa wakumbuyo safunsidwa mafunso. Lamba wa nsapato yanga anaduka. Nditawerama kuti ndimange, nyimbo za anzanga zinapita patali. Poweramuka ndinaona mayi wina ataima pamwala woyera. Analibe nsapato. Mapazi awo anali ndi matope, chonsecho unali mwezi wa Julaye, nthaka ili gwaa.

"Ndine Justina. Mwana wanga, nibwerekeko chitenge. Namvera mphepo."

Sindinawadziwe, koma kukaniza munthu wamkulu sindimatha. Mkati ndinali nditavala buluku, choncho ndinamasula chitenje n'kuwapatsa. Anachifunda kumutu. Kenako anagwada, anazula udzu, n'kundimangira nsapato bwinobwino. Zala zawo zinali zozizira.

"Basi yanu iyenda kuti?"

"Ku Mtendere."

"Ni pafupi," anatero.

Anatsogola. Sankathamanga, koma nditafika pokhota panalibe munthu.

Mdima unagwa msanga. Ndinatsatira miyala yoyera, koma ndinadutsa mtengo wakugwa womwewo kachiwiri. Foni inali itazima, poti kwathu magetsi anapita m'mawa. Mu udzu munali chinthu. Ndikayenda, chinkayenda. Ndikaima, ndinkamva kupuma kwake.

Kenako patali ndinamva basi ikulira. Ndinamva kwaya ikuyamba nyimbo ya ulendo wobwerera. Ndinathamanga. Nyimbo inachepa, inachepa, mpaka zii.

Pageti ndinapeza atakhoma. Mlonda, baHosea, anandiunika kumaso ndi tochi.

"Iwe, wachokera kuti? Ba kwaya bayenda kudala. Banawerenga pamaso panga, banakwana bonse."

"Ine ndatsala."

"Nanga uja anakwera pa lasti, wofunda kumutu, ni ndani?"

Anandiveka jekete yawo, n'kundithirira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki, iwo osamwako. Nditatchula dzina la Justina, anatsitsa tochi kumapazi kwanga. Anayang'ana mfundo ya udzu ija kwa kanthawi. Anatulutsa mpeni, anaidula, n'kuiponya kuseri kwa waya.

"Uzayenda na nsapato imodzi," anatero. Anaimbira mnzawo wagalimoto yonyamula ndiwo zamasamba, ndipo ndi amene anakanditula pafupi ndi kwathu.

Mtendere yense anali mumdima. Ndinagogoda.

"Ndani?" Anali mawu a amayi.

"Ndine Emelda."

Chitseko sichinatsegulidwe.

"Emelda ali mukati. Agona."

"Amayi, ndine. Tsegulani."

Anatsegula pang'ono, kandulo ili m'dzanja. Anandiunika kumaso, kenako kumapazi. Anandifotokozera monong'ona kuti ndinali nditabwera kale ndi basi, nditafunda chitenje kumutu. Akuti anandipatsa chakudya, koma ndinapukusa mutu, n'kulowa kuseri kwa katani komwe kuli bedi langa.

"Sanakambe kanthu?" ndinafunsa.

"Olo liwu limodzi. Sininadabwe. Iwe ukamba liti?"

Tinakoka katani limodzi. Pabedi panalibe munthu. Matilesi anali ndi dzenje la thupi, lozizira, ndipo kumiyendo kunali timatope touma. Usiku umenewo tinakhala pamipando mpaka kunacha. Amayi anandigwira mkono, koma sanasiye kundiyang'ana.

Kutchalitchi baDyness analumbira pamaso pa anthu. "Emelda ninamuona na maso yanga! Ananikhalira kumbuyo pa windo, mwamene akhalira masiku yonse." Mtsikana amene anakhala mpando umodzi ndi wofunda kumutu uja anati anamupatsa chitumbuwa, ndipo analandira ndi manja awiri.

Pobwerera, azimayi a mumzere wa nyumba zathu ankanong'onezana. Akuti kale mayi wa mpingo wina anasiyidwa kumalo aja, anzake atawerenga molakwika. Akuti amadikira pakanjirako mpaka wina amupatse malo m'basi. Ena anati ndi bodza, ndinangogona mu udzu n'kulota. Palibe amene anandifunsa ine.

Titafika kunyumba tinapeza zigubu zathu zonse zili pakhomo, zitandandalikidwa, zodzaza mpaka kukamwa. Mpopi wa mumzere wathu unali wouma sabata yonseyo. Madziwo ankanunkha dambo.

Amayi anayamba kutaya chigubu chimodzichimodzi m'ngalande. Ine ndinaima pambali. Ndinaganiza za munthu wosavala nsapato, atasenza zigubu zisanu ndi mutu umodzi, ndipo ndinangoti chapansipansi, "Zikomo."

Amayi anatembenuka, chigubu chikadali m'manja.

"Emelda?"

"Ine, amayi."

"Kamba futi," anatero. "Nifuna nimvere bwino."