Juzi ya Yande pa Phiri

Yande amakhala ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Nyumba yawo ili pamwamba, m'mafulati. Tsiku lililonse Yande amakwera masitepe. Koma anali asanakwerepo phiri. Yande ankafuna kukwera phiri.

Anti Helen ndi mng'ono wa amayi ake a Yande. Amakhala ku Woodlands. Loweruka lililonse amakayenda kumapiri. Amakonda mwezi wa Julaye. Mu Julaye kulibe mvula. Kulibe matope. Kuli kuzizira basi.

Loweruka lina Anti anabwera m'mamawa.

"Yande, vala nsapato," anatero Anti. "Lelo tiyenda ku phili."

Yande anadumpha. Anadumphanso.

"Ima iwe," anatero Amayi. "Uyenda chabe so, na mphepo iyi?"

Juzi yofiira ya Yande inali itachepa. Manja ake ankathera m'zigongono. Inatsala juzi imodzi yokha. Inali juzi ya sukulu, yobiriwira, yatsopano. Amayi anaitulutsa m'kabati.

"Iyi ni ya sukulu," anatero Amayi. "Ilibe inzake. Ukaitaya, pa Mande uzayenda ku sukulu ulibe juzi."

"Sinizaitaya, ba Mami."

"Wamvela?"

"Namvela."

Yande amamva msanga. Amaiwalanso msanga.

Anakwera galimoto ya Anti. Anadutsa Woodlands. Mipanda ya nyumba inatha. Phula linatha. Fumbi linayamba. Kenako anaona phiri.

Patsinde pa phiri panali mwala waukulu woyera. Anti anaimika galimoto pamenepo.

"Apa ni poyambila," anatero Anti. "Tizalondola tumyala toyela utu."

M'mbali mwa njira munali timiyala topaka penti yoyera. Yande anatsata timiyalato. Anakwera. Anakwera. Udzu unali wouma. Unali wautali kuposa Yande.

Dzuwa linakwera nawo. Yande anayamba kutuluka thukuta. Juzi inayamba kumuyabwa m'khosi. Chikwama chake chinali chodzaza. Munali botolo la madzi, mabanzi ndi malalanje. Malo a juzi munalibe.

Anti anali patsogolo. Yande anaona mtengo wamsuku. Unali ndi nthambi yapansi. Yande anavula juzi. Anaipachika panthambipo.

"Ndiitenga pobwerera," anaganiza Yande.

Ku Kabwata zimatero. Ukapita kumsika, umabwerera njira yomweyo. Ukapita kusukulu, umabwerera njira yomweyo. Ukapita kutchalitchi, njira yomweyonso. Yande ankadziwa zimenezi bwinobwino. Anathamanga n'kuwapeza Anti. Anti anaganiza kuti juzi ili m'chikwama. Sanafunse.

Anakwera kwa nthawi yaitali. Kenako anafika pamwamba. Yande anaona Lusaka patali. Nyumba zinali zing'onozing'ono ngati mabokosi a machesi.

"Kabwata ili kuti?" anafunsa Yande.

"Uko, mu fumbi muja," anatero Anti.

Yande anagwedeza dzanja. Mwina Amayi amuona. Kenako anadya mabanzi. Anamwa madzi. Mtima wake unasangalala kwambiri.

Atapuma, anayamba kutsika. Koma anatsikira mbali ina. Anatsika. Anatsika. Analowa m'chigwa chakuya. Kumanja kunali khoma la miyala. Kumanzere kunalinso khoma la miyala. Dzuwa silinkafika pansi. Pakati pankayenda kamtsinje. Madzi ake anali ozizira ngati a m'firiji.

Thukuta la Yande linauma. Yande anayamba kunjenjemera. Mano anayamba kugundana.

"Chotsa juzi mu chola, uvale," anatero Anti.

Yande anayang'ana nsapato zake.

"Ba Anti, tizabwelela liti?"

"Kubwelela kuti?"

"Mu njila yamene tinayambila."

"Sitibwelela kumbuyo," anatero Anti. "Iyi njila ni yozungulila. Izungulila phili lonse."

Yande anaima. Anachita mantha.

"Ba Anti, juzi siili mu chola. Naisiya pa mtengo."

"Mtengo uti?"

"Wa masuku. Pamene tinayamba kukwela."

"Iwe Yande!" anatero Anti. Anakhala pamwala. Anagwira tsaya. Kenako anavula jekete yawo. Anamuveka Yande. Jeketeyo inamufika m'mawondo.

"Kumbuyo ni patali maningi," anatero Anti. "Tayenda maola awili. Sitingakwele futi phili lonse lija."

Yande anayang'ana kumwamba. Anaona utsi kuseri kwa phiri.

"Nanga chija ni chani?"

"Anthu ayamba kutentha udzu," anatero Anti. "Mu Julaye ni mwamene achitila."

Utsi unali mbali ya mtengo wamsuku. Yande anaganiza za juzi. Anaganiza za Lolemba. Anaganiza za nkhope ya Amayi. Misozi inabwera. Yande anaipukuta ndi dzanja la jekete.

Kenako anatola kamtengo. Anajambula mzere wozungulira pamchenga. Anaika kamwala koyamba. Anaika kachiwiri pafupi nako. Anaika kachitatu.

"Ba Anti, onani. Motoka ili apa. Mtengo uli apa, pafupi na motoka. Ise tili apa."

"Eee," anatero Anti.

"Manje tisabwelele kumbuyo. Tiyende kutsogolo. Tikafika pa motoka, tiyambe futi kukwela."

Anti anayang'ana pamchenga. Anayang'ana Yande.

"Mutu uli nawo, ka," anatero Anti. "Nanga miyendo izakwanisa?"

"Izakwanisa."

Anayenda mofulumira. Anadumpha pamiyala ya mumtsinje. Yande anaterereka kamodzi. Nsapato imodzi inanyowa. Sanaime. Anayenda. Anayenda. Anatuluka m'chigwa. Dzuwa linawapezanso.

Uwo mwala woyera! Iyo galimoto!

Miyendo ya Yande inkapweteka. M'galimoto munali mpando wofewa. Yande anauyang'ana mpandowo. Anauyang'ananso. Kenako anaidutsa galimoto. Anayamba kukweranso.

Njira inali itasintha. Udzu wautali uja panalibe. Moto unali utadutsa kale. Pansi panali bii. Phulusa linkauluka. Nsapato za Yande zinada.

Anafika pamtengo wamsuku. Masamba apansi anali atapsa. Nthambi ija inalipo. Juzi panalibe.

Yande anayang'ana pansi. Anayang'ana kuseri kwa mtengo. Panalibe kanthu. Apa Yande analira mokweza.

"Iwe mwana, ulila chani?"

Mawuwo anachokera pathanthwe. Panali patakhala amayi ena. Anali ndi chikwakwa ndi mtolo waukulu wa udzu. Ankamweta udzu wofolera nyumba.

"Juzi yanga yapsa," anatero Yande. "Ni ya sukulu."

"Ya mtundu bwanji?"

"Ya gilini."

Amayiwo anatembenuza mtolo. Pachingwe cha mtolo panali juzi yobiriwira.

"Naona moto ubwela, naichotsa," anatero amayiwo. "Nati, ah, mitengo ya kuno siivala majuzi. Mwine wake azabwela."

Yande anagwada. Analandira juzi ndi manja awiri.

"Zikomo maningi, ba mayo."

"Wazungulila phili lonse?"

"Eee."

"Ndiye wadziwa manje. Kuno chinthu ukasiya, wasiya."

Yande anatsegula chikwama. Munatsala malalanje awiri. Anawapatsa amayiwo onse awiri. Kenako anavala juzi. Dzuwa linkatentha. Juzi inkayabwa m'khosi. Yande sanaivule.

Anafika ku Kabwata masana. Masitepe a mafulati anali ambiri tsiku limenelo. Yande anakwera pang'onopang'ono.

Amayi anatsegula chitseko. Anayang'ana nsapato zakuda. Anagwira juzi. Anainunkhiza.

"Iyi juzi inunkha utsi," anatero Amayi.

Yande anayang'ana Anti. Anti anayang'ana kudenga. Basi Yande ananena zonse. Ananena za mtengo. Ananena za moto. Ananena za amayi a udzu. Sanabise kanthu.

Amayi sanakalipe. Anatenga beseni ndi sopo. Anaika patsogolo pa Yande.

Yande anachapa juzi yekha. Madzi anali ozizira. Zala zinauma. Anatsukuluza kawiri. Anaiyanika pachingwe cha pakhonde. Mawa iuma. Lolemba aivala.

Amayi anapanga tiyi wa mkaka. Onse atatu anakhala pasofa. Anafunda bulangete limodzi.

"Manje niuze," anatero Amayi. "Phili wakwela?"

"Nakwela, ba Mami," anatero Yande. "Kawili."

"Kamodzi na hafu," anatero Anti.

"Kawili!" anatero Yande.

Amayi anaseka mpaka tiyi anatayikira pabulangete. Anamukokera Yande pafupi. Anayamba kumusisita miyendo.