Gaga Si wa Nkhumba Zokha

Maureen anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ku Kalindawalo, kufupi ndi Petauke. Anali mu giredi 3. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupita mu giredi 4 pamodzi ndi anzake.

Koma mimba yake inali yovuta. Lolemba inkapota. Lachitatu inkapota. Lachisanu inkapotanso. Ikapota, Maureen ankagona pamphasa. Anzake ankapita kusukulu. Iye ankangomva mawu awo pamsewu.

Aphunzitsi ake, a Kabaso, anamuuza zoona. Akapitiriza kujomba, adzabwereza giredi 3. Maureen sanalire. Anakwiya. Kubwereza, iye ayi.

Amai ake anapita naye kukiliniki. Kumeneko kunali anesi, a Nasilele. Iwo anali ochokera kutali, ku Mongu. Anamupima mimba. Anamupatsa mankhwala. Kenako anamufunsa zimene amadya.

Maureen anawerenga ndi zala. Phala la ufa woyera. Nsima ya ufa woyera. Tiyi wa shuga wambiri. Mabanzi. Zala zina zinatsala.

A Nasilele anatenga pepala. Anajambula matumbo. M'matumbomo anajambula timadontho tambiri.

"Utu ni tuzilombo," anatero. "Tuli m'mimba mwa munthu aliyense. Twina n'toipa. Twina n'twabwino. Twabwino twako tuli na njala."

Maureen anagwira mimba yake. Sankadziwa kuti amasunga ziweto m'kati.

Anesi anafotokoza bwino. Tizilombo tabwino tikakhuta, timachulukana. Timapanga zinthu zothandiza matumbo otupa kuti aphwe. Timathandizanso chitetezo cha m'thupi kulimbana ndi matenda. Koma timasankha chakudya. Timakonda nyemba. Timakonda mbatata. Timakonda therere ndi mtedza. Timakonda nthochi zosapsetsa. Timakondanso mgaiwa, ufa wogayidwa ndi gaga wake yemwe.

"Uyambe pang'onopang'ono," anatero anesi. "Uzimwa madzi ambili. Ikapota kwambili, ubwele."

Kunyumba, amai anauza atate zonse. Atate a Maureen anali a Febian, mlimi wolimbikira. Nyemba anavomera. Mbatata anavomera. Nthochi anavomera. Atamva za mgaiwa, nkhope inasintha.

Atate ali mwana, kunagwa njala. Kwawo anadya mgaiwa. Mgaiwa utatha, anadya gaga. A Febian sanaiwale. Analumbira kuti ana awo adzadya ufa woyera wokha.

"Nkhokwe yanga ni yodzala," anatero. "Anthu azakamba chani? Gaga ni wa nkhumba."

Atate ankamukonda Maureen, zimenezo n'zoona. Koma manyazi nawo anali aakulu.

Madzulo Maureen anapita kukhola. Kudyetsa nkhumba inali ntchito yake. Anathira gaga m'chimkhate. Nkhumba zitatu zinathamanga. Zinadya. Zinadyanso. Zinali zonenepa, zamphamvu, zopanda ulemu.

Maureen anaziyang'ana nthawi yaitali. Chimanga n'cha atate ake. Mimba yopota ndi yake. Koma gaga yense akupita kwa nkhumba. Zimenezi zinamuwawa kwambiri.

Loweruka amai anamutuma kuchigayo. Anamusenzetsa chidebe chaching'ono cha chimanga. Anati akakonole basi. Kukonola ndiko kuchotsa gaga. Chimangacho adzachiviika, adzachiyanika, kenako adzagaya ufa woyera.

Maureen anayenda. Chidebe chinali pamutu. Maganizo anali m'mimba. Anayenda, anayenda, mpaka anafika.

Wogayitsa anali a Titus. Tsitsi lawo linali mbuu ndi ufa. Anatenga chidebe. Analunjika ku makina okonola.

"Iyayi, bambo," anatero Maureen. "Musakonole. Gayani chabe na gaga wake."

A Titus anaima. Anamufunsa ngati amai ndiwo anena choncho. Maureen sananame. Anati amai anena zokonola. Anati mgaiwa akuufuna ndi iye. Anati m'mimba mwake muli tizilombo tanjala.

A Titus anaseka. Anthu a pamzere anasekanso. Mayi wina anafunsa ngati kwa a Febian kwagwa njala. Makutu a Maureen anatentha. Koma sanasunthe.

"Nifuna mgaiwa," anabwereza. "Anesi ndiwo ananiuza. Mlandu ni wanga."

A Titus analeka kuseka. Anakanda mutu. Anathira chimanga m'chigayo. Chigayo chinalira. Ufa unatuluka. Sunali woyera konse.

Atafika kunyumba, amai anavundukula chidebe. Anagwira pakamwa. Atate anabwera. Anayang'ana ufa. Anayang'ana Maureen. Anamufunsa amene wamutuma zimenezi.

Maureen ankachita mantha. Anagwada, monga mwana amachitira. Koma mawu ake sanagwade.

"Atate, sinifuna kubweleza giledi 3," anatero. "Nkhumba siziyenda kusukulu. Ine niyenda."

Amai anati madzi akatayika saoleka. Ufa sungabwerere kukhala chimanga. Kuutaya n'kulakwa. Anawonjezera kuti mwanayo walakwa kusamvera, koma sananame.

Atate anati chabwino. Adye yekha. Iwo sadzalawa. Anatuluka, napita kudimba.

M'mawa amai anaphika phala la mgaiwa. Anathiramo nsinjiro. Linali lokhakhala pakhosi. Maureen anameza. Anamezanso. Anamaliza mbale yonse.

Masana anadya nyemba. Anadya mbale imodzi. Anawonjezera ina. Anadyanso mbatata zitatu. Ankafuna kuchira tsiku lomwelo. Apa ndiye analakwitsa.

Mimba inafufuma. Inalira kulu kulu kulu. Mpweya unatuluka. Galu amene anagona pafupi anadzuka, nachoka.

"Waona manje," anatero atate. "Vakudya va nkhumba."

Maureen anachita manyazi. Anatsala pang'ono kuleka. Amai anamusisita pamsana. Anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Tizilomboto takhala ndi njala nthawi yaitali. Sitingathe phwando tsiku limodzi.

Tsiku lotsatira Maureen anadya nyemba zochepa. Anadya mbatata imodzi. Anamwa madzi. Anamaliza mankhwala ake onse. Amalume ake anabwera panjinga kuchokera ku Nyimba. Anabweretsa mkoko wa nthochi. Maureen ankathyola imodzi tsiku lililonse, isanapsetse.

Nkhani ya kuchigayo inafika kusukulu. Nkhani zotere sizichedwa. Ana ena ankalira ngati nkhumba Maureen akamadutsa. Zinkamupweteka. Tsiku lina analira kuseri kwa kalasi. Anapukuta misozi. Anabwerera pamalo pake. Anatsegula kontena yake pamaso pa onse, nadya mbatata yake.

Mlungu woyamba mimba inapota kawiri. Mlungu wachiwiri inapota kamodzi. Mlungu wachitatu Maureen anapita kusukulu Lolemba. Anapita Lachiwiri. Anapita mpaka Lachisanu.

Mgaiwa unatha m'chidebe. Maureen anatenga chimanga china. Atate anamuona akusenza. Sanamuletse. Maureen anapita kuchigayo. Ulendo uno a Titus sanafunse kanthu.

Miyezi iwiri inapita. Mimba inapotanso tsiku limodzi. Amai anabwerera naye kwa a Nasilele. Anesi anamupima, namuuza kuti apitirize. Chimfine chinabwera m'kalasi. Maureen naye anachitenga, koma sanagone nacho masiku ambiri.

Anali atatsalira kwambiri pa masamu. Ankatsala anzake akaweruka. A Kabaso ankamuthandiza. Maureen ankalemba. Ankafufuta. Ankalembanso. Mayeso anafika, ndipo analemba onse.

Tsiku lotsekera sukulu mvula inali itayamba. Maureen anabwera kunyumba akuthamanga. Pepala analibisa m'malaya kuti lisanyowe. Atate anali pakhonde, akukonza khasu. Maureen anagwada, nawapatsa ndi manja awiri.

Atate anawerenga pang'onopang'ono. Anatsata ndi chala. Anafika pansi. Panalembedwa kuti giredi 4. Anawerenganso. Maso awo ananyowa, ndipo sinali mvula.

Anaitana amai. Anafunsa ngati phala la m'mawa latsalako. Amai anabweretsa m'kambale. Linali litazizira. Atate anatapa ndi supuni. Anaika m'kamwa. Nkhope inachita makwinya. Zaka zambiri zinali zitapita asanalawe mgaiwa.

"Likali lokhakhala," anatero.

"Mezani chabe, atate," anatero Maureen. "Pang'onopang'ono."

Atate anameza. Amai anaseka. Atate anaika dzanja pamutu pa Maureen.

"Unachita bwino kunikanila, mwana wanga," anatero. "Mailo kukacha tiyende tonse kuchigayo. Chimanga nizanyamula ine."