Madzi m'Bokosi Lofiira

Kunyumba kwa a Mhone ku Katoto kunalibe chosowa chimene mwana akananamizira kuti ndicho chinamutuma kukaba. Bambo anali mkulu wa mpingo, mayi mphunzitsi, ndipo mwana wawo Keziya atamaliza maphunziro a unamwino anamuphera mbuzi. Tsiku loyamba ntchito bambo ake anamuperekeza mpaka pageti.

"Mwana wane, woba nkhuku amatha kubweza nkhuku. Zimene ukagwire kumeneko sabweza."

Keziya anati yewo adada, maso ali pafoni.

Anayamba ntchito pa kachipatala kena ku Ching'ambo. Pakhoma la chipinda chobayira jekeseni panali bokosi lofiira la mankhwala a mwadzidzidzi. Munali adirenalini wobaya munthu amene khosi latupa mpaka mpweya kukana, munali shuga wa m'mitsempha wodzutsa amene shuga wamutsikira, komanso timabotolo ta dayazipamu woletsa mwana kuphupha akakomoka ndi malungo. Asisitala a Nyirenda, mkulu wa pamalopo, ankamata bokosilo ndi pulasitala n'kusainapo. M'mawa uliwonse ankangoona pulasitalayo. Ikakhala yosang'ambika, mtima unkakhala m'malo.

Tsono ku Luwinga kunali mkulu wina dzina lake Boniface, wogulitsa mankhwala kuseri kwa katani, pakamwa pozuna ngati nzimbe. Anayamba ndi kumugulira Keziya nsapato, kenako foni, kenako ananena chimene ankafuna: dayazipamu uja, wa anyamata ofuna kuledzera opanda fungo la mowa.

"Iwe, bokosi limenelo analitsegula liti? Mankhwala amangoekisipaya mmenemo. Ukuwapulumutsa chabe."

Keziya anapeza nzeru, nzeru ya mdyerekezi yeniyeni. Nthawi ya nkhomaliro ankafewetsa pulasitala ija ndi nthunzi ya ketulo, n'kuchotsa mankhwala. Timapepala ta dzina ankatimata pa timabotolo ta madzi osungunulira jekeseni n'kutibwezera m'malomo, kenako n'kumatanso pulasitala ija. Mayi ake ataona nsapato zachitatu anafunsa ngati boma layamba kulipira anamwino ndi nsapato, ndipo anamuchenjeza kuti chakomachakoma pusi anagwa chagada. Keziya anawayankha kuti iwo ndi a kale.

Kuyambira pamenepo chipindacho chinamuipira. Akakhala yekha ankamva timabotolo tikugundana m'bokosimo, popanda wolikhudza. Ankayatsa wailesi.

Lachinayi lina la mu Juni nkhungu inakana kuchoka mpaka masana, moti nyumba za tsidya la msewu sizinkaoneka. M'nkhungumo munatulukira mayi wogulitsa nthochi, wopanda nsapato, atanyamula kamtsikana kake ka zaka zitatu, dzina lake Mwawi. Thupi linali moto, maso atatembenuza, manja ndi miyendo zikuphupha.

Asisitala anang'amba pulasitala n'kumuuza Keziya kuti apope dayazipamu. Apa ndiye pakundipweteka mtima. Galimoto ya abusa ena amene anabwera ndi wodwala inali panja, ndipo chipatala chachikulu sichinali kutali. Akanangoti "ndi madzi awa," mwana akanathamangira naye. Koma Keziya anaganiza za nkhope ya bambo ake kutchalitchi, anathyola kabotolo, napereka madzi.

Anadikira mphindi khumi, mwana osaleka. Asisitala anadabwa, nalamula kuti amupatse wachiwiri monga mwa malamulo. Keziya anapopanso madzi, manja ali njenjenje. Anadikiranso. Mmene ankamukweza m'galimoto n'kuti milomo itachita bii.

Mwawi sanafe. Anatuluka m'chipatala patatha masabata atatu, osayenda, osalankhula, mayi ake omwe osawazindikira. Maso okha ndiwo anatsala, otseguka, osaphethira kawirikawiri.

Mayi uja anabweranso tsiku lina, mwana ali kumsana, phava la nthochi lili m'manja. Anagwada pamaso pa Keziya.

"Anesi, yewo chomene. Ndinakuonani mmene munkanjenjemerera mwana wanga ngati wanu. Mankhwala munapereka kawiri konse. Zinazo ndi za Chiuta."

Mutu wa mwanayo unagwera paphewa la mayi ake, maso aja n'kuima pa Keziya. Mayi anatembenuka kuti azipita, koma mutu unapendekera kwina, maso ali pomwepo, mpaka analowa m'nkhungu.

Keziya sanadye masiku awiri. Akatsegula mpopi ankaona maso aja m'madzimo, akatunga m'kapu chimodzimodzi. Tsiku lachitatu anatenga ketulo, nayika patebulo la asisitala, naulula zonse. Ntchito inatha, chiphaso cha unamwino anamulanda, ndipo apolisi atafika ku Luwinga anapeza katani yokha ikupepheluka. Kukhoti bambo ake anakhala kumbuyo, chipewa chili pamaondo. Mayi wa nthochi uja anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Pamene munkapopa kachiwiri paja, munkadziwa?"

Keziya anati inde.

Mulungu amakhululukira wolapa, ndipo tikhulupirira kuti Keziya anamukhululukira. Koma inu achinyamata amene mwapatsidwa makiyi a zinthu zopulumutsa moyo, imvani: kuba ndi tchimo, ndipo kukhala chete pobisa kubako ndi tchimo loposa. Kulapa kumatsuka wochimwa, sikudzutsa wolakwiridwa. Keziya anatuluka m'ndende patatha zaka zinayi. Mwawi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi tsopano, ndipo mayi ake akumuberekabe kumsana.