Ndani Wathyola Mapiko?

Magadalena amakhala ku Kabwazi. Iye ankafunitsitsa kuulutsa kandege ka amalume ake, a Kizito.

Kandegeko kalibe injini. Kamauluka ndi mphepo ya kuphiri. Amalume amakawongolera ndi rimoti.

Loweruka m'mawa, Magadalena anakapeza patebulo. Anagwira phiko. Kumbuyo kwa phiko kunali kachitseko. Kachitsekoko kankagwedera. Phiko linalo, chimodzimodzi!

"Iii! Wina wathyola," anatero Magadalena.

Anayang'ana mng'ono wake Victoria. Victoria ankadya mbatata.

"Iwe Victoria, wagwira kandege?"

"Ayi, sindinagwire."

"Nanga bwanji sukundiyang'ana?"

"Ndikudya!"

Magadalena sanakhulupirire. Anatenga selotepi. Anamata kachitseko koyamba. Anamatanso kachiwiri. Sanauze munthu.

Masana, onse atatu anakwera pachitunda. Amalume anaponya kandege. Kanakwera, kanakwera. Kanazungulira ngati mphamba.

"Tsopano katere," anatero amalume.

Anakoka kandodo ka pa rimoti. Kandege sikanachepetse liwiro. Anakokanso. Ayi ndithu!

Fyuu! Kanapitirira udzu wofewa. Phwa! Kanagwera m'dimba la kabichi.

Amalume anakatola. Mwamwayi sikanathyoke. Anakatembenuza. Anakwinya nkhope.

"Selotepi iyi wamata ndani?"

Anayang'ana Victoria. Misozi inalengeza m'maso mwa Victoria.

Magadalena anasendera pafupi.

"Ndine, amalume," anatero. "Ndimayesa Victoria wathyola mapiko."

Amalume anamatula selotepi.

"Taona," anatero.

Anakoka kandodo. Tizitseko tinatsika. Anabweza kandodo. Tizitseko tinakwera.

"Sitinathyoke ayi. Timeneti ndi mabuleki. Tikatsika, timatchinga mphepo. Kandege kamachepetsa liwiro."

Magadalena anazyolika.

"Pepa, Victoria. Ndinakuganizira zabodza."

Victoria anapukuta misozi.

"Ndinakuuzani, achemwali!"

Amalume anaponyanso kandege. Kanakwera. Kanazungulira. Kanayamba kutsika.

"Bwera, Magadalena. Ika chala apa. Koka pang'onopang'ono."

Magadalena anakoka. Tizitseko tinatsika. Kandege kanabwera pang'onopang'ono, pang'onopang'ono. Kanakhudza udzu. Kanaima pafupi ndi mapazi awo.

"Katera! Katera!" anakuwa Magadalena.

Amalume anaomba m'manja.

"Tsopano ndikoke ine!" anatero Victoria.

Magadalena anamugwira dzanja. Anamuimika patsogolo pa amalume.

"Chala uike apa," anatero. "Koma usafulumire."