Lamya ya ku Dimba

Madzulo amenewo Febian Daka anali pamwamba pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake ku Nyampande, akumangirira waya. Munali mu Okutobala wa 1957, nthawi ya Chitaganya. Dzuwa linali litalowa koma nthaka inkawotchabe kumapazi. Anthu ankadutsa osamupatsa moni. Kunena zoona, sankamukonda ndi kale lomwe. Anali mkamwini wochokera ku Katete, ndipo anali ndi matenda aja a anthu amene anagwirako ntchito ya azungu, oti chilichonse wodziwa ndi iyeyo.

Pa za waya pokha tisamunamizire, ankadziwadi. Zaka zisanu ndi chimodzi anazithera pa mapolo a lamya mumsewu waukulu wa ku Fort Jameson. Malamya awiri akale, opukusa ndi dzanja, anawapeza kwa mzungu wina amene ankasamuka ku mgodi wa Sasare. Imodzi anaikhoma kuchipinda, pafupi ndi mphasa ya mkazi wake Anastazia. Inayo anakaiika m'kanyumba ka ku dimba, kumene ankagona polondera nguluwe.

Sankachita zimenezi podzionetsera. Anastazia anali woyembekezera, mwezi wake uli pafupi. Chaka chathacho mwana wawo woyamba anabadwa atafa kale, usiku, Febian ali mtulo ku dimba komweko. Palibe anakamudzutsa. Pofika m'mawa azimayi anali atamaliza zonse, kamwanako atakakaika kumene amaika ana otere, malo amene mwamuna sauzidwa ndipo safunsa. Zinamupweteka mtima kwambiri. Analumbira kuti ulendo uno adzamva, adzathamanga, adzamukweza mkazi wake panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni.

Eneless, mkulu wake wa Anastazia, anaima pansi pa mtengowo manja ali m'chiuno.

"Alamu, waya uyu upita kuti? Ku Boma? Anthu akamba ati ndimwe makutu a Chitaganya."

"Upita ku dimba chabe, alamu. Mng'ono wanu zikamuyamba, apukuse, nibwele."

"Mubwele kuzachita chani? Za m'chikuta zinayamba liti kukhala za amuna?"

Febian anangokoka wayawo mpaka kulira.

Vuto linali lakuti waya anali nawo wa mzere umodzi wokha. Koma kuntchito anaphunzira kuti mzere wachiwiri ndi nthaka yomweyi: ukhoma chitsulo pansi kuno, china uko, mawu amabwerera kudzera m'dothi, bola dothilo likhale lonyowa. Kunyumba anakhoma kubafa. Ku dimba kanyumba kanali pachulu pouma gwa, ndipo mawu a Anastazia ankamveka ngati udzudzu. Basi anatenga mgwala, chitsulo chachitali chokumbira, ndi kawaya kotsala, natsikira kudambo, kupyola bango, mpaka pansi pa mkuyu wina pamene panalibe njira yopitako. Panali mapale ovundikirika apa ndi apo. Iye sanawasamale. Dothi linali lofewa, moti mgwala unalowa atangomenya katatu.

Atabwerera n'kupukusa lamya, Anastazia anamveka ngati ali m'kanyumba momwemo. Febian anaseka yekha ngati mwana.

Kutacha, azimayi opita kukatunga madzi anauona waya ukulowera m'bango. Eneless anabwera ali wefuwefu.

"Kazuleni chitsulo chija."

"Chifukwa?"

"Kazuleni chabe. Nikamba lini kawili," anatero m'Chinsenga chake chaukali, kutanthauza kuti salankhula kawiri.

"Nipatseni chifukwa, nizazula."

Chifukwacho sichinali choti n'kuuza mwamuna. Eneless analavula malovu pafupi ndi phazi la Febian n'kumapita. Febian anaganiza kuti ndi nsanje ya anthu osaphunzira, ndipo anaumitsa khosi. Kuyambira tsiku limenelo palibe mzimayi anadzapalanso moto pakhomo pake.

Usiku wachitatu, ali m'kanyumba muja, belu la lamya linalira. Kamodzi kokha, mwachidule. Anadzambatuka n'kuika lamya kukhutu.

"Anastazia? Zayamba?"

Zii. Kenako kaphokoso ngati madzi akusefukira pa mchenga. Kenako mpweya, waung'ono, wofulumira. Febian anagwira khoma. Ndipo anamva kulira kwa khanda longobadwa kumene, kosasa, kokoka mpweya pakati.

Anathamanga osavala nsapato, chimwemwe ndi mantha zitamugwira pamodzi. Wabereka yekha, wabereka yekha! Anakankha chitseko. M'nyumba munali mdima. Atayatsa nyali anapeza Anastazia atagona, nkhope kukhoma, mimba ili chikhalire.

"Wapukusa ndiwe?"

"Sininapukuse," anayankha osatembenuka.

Apa munthu wina akanakhala pansi n'kupemphera. Koma Febian anali munthu wa waya. Anati pali amene walumikiza zake pa mzerewu, mwina Eneless yemweyo, kuti amuopseze. Anatenga nyali n'kuyamba kuutsata wayawo, mtengo ndi mtengo. Panalibe podulidwa. Panalibe polumikizidwa. Anadutsa kanyumba kaja, natsikira kudambo, nalowa m'bango.

Achule anasiya kulira onse nthawi imodzi.

Pansi pa mkuyu nyali inayamba kuchepa, mafuta alimo. Febian anagwada n'kugwira mgwala uja. Unali wofunda. Chitsulo cha m'matope, pakati pa usiku, chofunda ngati mkono wa munthu. Chinkanjenjemera pang'onopang'ono m'dzanja lake. Kumtunda, m'kanyumba mopanda munthu, belu linayamba kulira, kulira, osaleka. Kulira kwa khanda kunabweranso, koma tsopano sikunkadzera m'waya. Kunkachokera pansi pa mawondo ake.

Nyali inazima.

Azimayi anamupeza m'bandakucha, ali chigwadire, matope mpaka m'zigongono. Ena anataya mitsuko. Ena anatola zibuma. Mwamuna pamalo amenewo! Eneless anawakankha onse n'kuima patsogolo pake mokwiya.

"Munafuna chifukwa? Ni ichi. Mwana wanu ali apo mwagwada. Tinamuika pamwamba dala, osakumba kwambili, kuti njila ya mai wake isatsekeke. Imwe na nzelu zanu mwamukhomela chitsulo. Zulani manje, asanaitane mnzake uyo ali m'mimba."

Febian anagwira mgwala ndi manja onse awiri, misozi ikungotsika.

"Musazule."

Anali Anastazia. Anali atayenda yekha kuchokera kunyumba, atagwira msana, nsalu itanyowa ndi mame.

"Usiku uja sanalile," anatero. "Ninadikila, sanalile. Munamuchotsa nisanamuone na nkhope. Masiku atatu aya nimumvela pa lamya, usiku wonse. Ni wanga. Musamutsekenso pakamwa, a Daka."

"Wapenga iwe!" Eneless anakuwa. "Nanga uyo wanyamula?"

Anastazia anafuna kuyankha, koma anapindika n'kugwira bango. Madzi anatsika m'miyendo mwake. Zinali zitayamba.

Febian anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo ankapukusa mutu, akumupempha ndi maso. Pansi pa manja ake chitsulo chinkanjenjemerabe. Anatseka maso, nakoka ndi mphamvu zake zonse. Mgwala unatuluka. Belu kumtunda linaleka pakati pa kulira, ndipo mfuu imene anakuwa Anastazia sinali ya kubereka ayi.

Za njinga ndi mishoni nthawi inali itatha. Mwanayo anabadwira m'nyumba ya Eneless dzuwa lili pamutu, wamkazi, wamoyo, wa mawu ngati wamkulu. Anamutcha Bernadette. Febian anakulunga waya wake wonse tsiku lomwelo n'kukauponya m'chitsime chakale. Azimayi anayambanso kumupatsa moni, mwaulesi. Koma Anastazia sanamukhululukire. Ankamuphikira, ankamuchapira, koma kumuyang'ana m'maso ayi.

Azimayi a ku Nyampande ankanong'onezana chinthu chimodzi kuchitsime. Ati Anastazia ankayamwitsa Bernadette bere lakumanja lokha. Lakumanzere ankalibisa m'nsalu tsiku lonse, litadzaza mpaka kumupweteka, mwana alire bwanji. Koma kukacha linkakhala litaphwa.